DIMA LA OPHUNZIRA MU MZINDA WA LUSAKA

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja. Taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi amene anaimva aisunge.)

 Madzulo ano ndifuna kukamba za anyamata ndi asungwana a pa Yunivesite ya Zambia ndi a m'masukulu ena apamwamba a mu Lusaka, amene pa masiku ena amaika mabuku ao pansi, natenga makasu, mafosholo ndi matsache, napita kukafukula ngalande, kukatola zinyalala ndi kukabzala mitengo, popanda munthu wowalipira. Ambiri a inu munawaona m'mbali mwa miseu, ndipo mwina munafunsana kuti, "Kodi mwana amene makolo ace anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire alikufunanji m'matope?" Ena amati Boma lawakakamiza. Ena amati angofuna kujambulidwa zithunzi. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo lifunika yankho losapita m'mbali.

NCHITO ZA MITUNDU ITATU

Makolo athu anadziwa nchito za mitundu itatu. Yoyamba ndiyo ganyu, imene munthu agwira kuti alandire ndalama kapena cimanga. Yaciwiri ndiyo cibalo, imene munthu anagwira mtima usakufuna, cifukwa ca msonkho kapena cifukwa ca kuopa kapitao. Inu a ku migodi simusowa wokuuzani za mau amenewa, pakuti agogo anu anawadziwa bwino. Yacitatu ndiyo dima. Mwini munda amaphika mowa kapena thobwa, naitana anansi ace, ndipo onse amabwera ndi makasu ao kudzalima tsiku limodzi. Pa dima palibe tikiti, palibenso wolemba maina. Malipiro ace ndi akuti mawa, pamene udzu wakula m'munda mwako, iwonso adzabwera kwa iwe.

Nchito ya ophunzira imene ndirikunena ndi ya mtundu wacitatuwu. Cosiyana cace ndi cimodzi cokha: munda umene alikulima suli wa munthu mmodzi ai, ndiwo mzinda wonse, madzi ace ndi mitengo yace.

NGONGOLE YAKALE

Kuti timvetse cifukwa cace kuli koyenera kuti wophunzira agwire khasu, tiyenera kukumbukira m'mene Yunivesite inamangidwira. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu a kuno amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Lamulo lokhazikitsa Yunivesite ya Zambia linapangidwa mu 1965, ndipo sukulu inatsegulidwa mu March 1966 ku Ridgeway ndi ophunzira 312. Caka comweco Dr Kenneth Kaunda anaikidwa kukhala mkuru wace woyamba, ndipo nchito yomanga malo akuru a pa Great East Road, pa njira yopita ku Chelstone, inayambika.

Ndalama zace sizinacokere ku Boma ndi maiko akunja okha. Anthu wamba anasonkha: anchito anapatula pa malipiro ao, ndipo a kumidzi amene analibe ndalama anapereka nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Ambiri a iwo sanadziwe kulemba maina ao, ndipo anadziwa kuti iwo eni sadzalowamo m'sukulu imeneyo. Limenelo linali dima lalikuru. Cifukwa cace m'mau awiri amene Yunivesite inasankha kukhala mbiri yace, oyamba ndi onena za kutumikira. Tsono wophunzira amene afukula ngalande ku Kabwata salikucitira anthu cifundo ai. Alikubweza khasu limene agogo athu anamkongoza.

MZINDA WOMANGIDWA PA MWALA WA MABOWO

Koma nanga mzinda wadwala ciani kuti usowe dima? Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, pamene Boma linasamuka ku Livingstone. Professor Stanley Adshead, amene anajambula mapu ace oyamba mu 1931, anafuna kuti ukhale mzinda wa minda ndi mitengo, wa miseu yotakata. Mitengo ikuru-ikuru imene muiona pakati pa Cairo Road ndi m'miseu ya ku Kabulonga ndi Woodlands icokera ku maganizo amenewo. Koma mapu aja sanawerengere bwino anthu akuda. Ku Kabwata anamangako timanyumba tozungulira tofolera udzu ta amuna anchito, poyesa kuti akazi ndi ana adzatsala kumudzi; toŵerengeka ta timanyumbato tinasungidwa, ndipo ndito tiri pa malo ogulitsira zosema-sema. Akazi ndi ana anabwerabe. Pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Lusaka anapitirira 2,000,000, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni amene anakula popanda mipope ndi ngalande zokwanira.

Tsono mverani bwino apa, pakuti mutu wa nkhani uli pomwepa. Mbali yaikuru ya Lusaka, makamaka kumwera ndi kumadzulo, iri pamwamba pa mwala wa laimu. Mwala umenewu umasungunuka pang'ono-pang'ono ndi madzi a mvula, kotero kuti pansi pace pali ming'alu ndi mapanga, monga mtengo umene ciswe cadya m'kati. M'dothi la mcenga madzi amatsika pang'ono-pang'ono nasefedwa. Koma m'mwala wa mabowo amathamanga osasefedwa, natenga conse cimene apeza. Ndiponso dziko la Lusaka ndi lacidikha, madzi sapeza kotsetserekera msanga. M'dzinja madzi a pansi amakwera kufikira pafupi ndi mapazi athu.

Ganizirani tsono za banja la ku Kanyama limene liri ndi cimbudzi cokumba, ndi citsime cacifupi mapazi owerengeka kucokera pamenepo. Mvula ikagwa, ngalande imene yatsekeka ndi timatumba ta pulasitiki ndi mabotolo imasefukira, madzi amalowa m'cimbudzi, ndipo zonyansa zimapita m'citsime, zina pamwamba, zina pansi m'ming'alu ya mwala. Umu ndimo nthenda ya kolera imayendera. Kuyambira October 2017 kufikira May 2018 anthu oposa 5,000 anadwala mu Lusaka, ndipo pafupi-fupi 100 anamwalira. Asilikari anatumidwa kukayeretsa misika ndi miseu ya m'tauni, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Mliri umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: m'dziko lonse odwala anapitirira 20,000 ndi akufa anapitirira 700, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala.

Inu a kumayadi musayese kuti nkhaniyi ndi ya m'komboni mokha. Madzi amene Lusaka imamwa ena amacokera ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa mailosi ngati 30, koma ena ambiri amapopedwa pansi pa mzinda womwewu. Nyumba zambiri za ku Woodlands ndi Kabulonga ziri ndi dzenje la zonyansa ndi citsime cobooledwa ndi makina pa bwalo limodzi. Mai amene akuphikirani amagona ku komboni, ndipo ndiwo zamasamba zimene mudya zinapyola pa msika wa Soweto. Linga la njerwa limaletsa mbala, koma madzi a pansi salidziwa.

ZIMENE OPHUNZIRA AMACITA

Boma linaona bvuto limeneli. Mu 2007 President Levy Mwanawasa anayambitsa nchito yoyeretsa dziko, ndipo mu 2018 President Edgar Lungu anaiutsanso, naonjezapo kubzala mitengo. Caka comweco panaturuka lamulo loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala. Koma lamulo liribe manja. Apa ndipo magulu a machalichi, a m'misika ndi a ophunzira amalowa.

Nchito yoyamba ndiyo kufukula ngalande mvula isanayambe, m'miyezi ya October ndi November. Yaciwiri ndiyo kutola zinyalala ndi kuzipatula. Zinyalala siziri za mtundu umodzi ai. Makoko a nthoci, masamba ndi zotsala za m'khichini zimabvunda, ndipo zikaunjikidwa m'dzenje, kuthiridwa dothi ndi phulusa pang'ono ndi kutembenuzidwa, zimasanduka manyowa a m'dimba patapita miyezi iwiri kapena itatu. Mabotolo a pulasitiki, zitini ndi makatoni ziri ndi owagula amene amazisungunula kapena kuzigaya. Zotsala zokha ndizo ziyenera kupita ku dzala lalikuru la mzinda ku Chunga. Banja limene lipatula motere limapeza kuti thumba lace lotaya lacepa kwambiri. Ndipo pulasitiki sayenera kuochedwa pa bwalo, pakuti utsi wace umabvulaza mapapo, makamaka a ana.

Nchito yacitatu, imene ine ndiyesa yoposa zonse, ndiyo kufotokoza. Munthu ali yense angathe kugwira fosholo, ndipo ambiri a inu mugwira bwino koposa wophunzira. Cimene wophunzira ali naco coonjezera ndi kudziwa cifukwa cace. Iye waphunzira za mwala wa laimu. Waona tizirombo ta m'madzi pa galasi lokuza zinthu. Adziwa kuti madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi imfa, ndi kuti kuwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini pa muyeso wace kumapha tizirombo. Ngati akhala pansi ndi amai a pa mpope, nalankhula nao m'cinenero cao ndi mwaulemu, mau ace amagwira nchito iye atacoka. Koma akafika ndi Cingerezi cambiri ndi mtima wonyoza, anthu adzamyang'ana, nadzabwerera ku citsime cao cakale.

Inu a ku migodi mudziwa kuti dothi lingathe kusunga poizoni zaka zambiri. Mgodi wa ku Kabwe, umene kale unachedwa Broken Hill, unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi la mtobvu linatsala m'mabwalo m'mene ana amasewera. Aphunzitsi ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido m'dziko la Japan, anapima dothi, ziweto ndi magazi a anthu kumeneko, napeza mtobvu wocuruka m'matupi a ana ambiri. Mtobvu suoneka, sununkha, ndipo palibe mai akanaudziwa ndi maso. Ici cisonyeza phindu la munthu wophunzira amene aturuka m'kalasi napita kumene anthu akhala.

MITENGO NDI MAKALA

Tibwerere ku Lusaka, tinene za mitengo. Yense woyenda pa Great East Road m'mamawa amakomana ndi njinga ndi malole osenza matumba a makala, amene pano timawacha malasha. Mabanja ambiri a m'tauni amaphika pa mbaula, ndipo akatswiri a nkhalango akhala akuyerekeza kuti dziko lino limataya mahekitala 250,000 kapena kuposa caka ciri conse, cifukwa ca kutsegula minda, makala ndi moto. Mu 2024 mvula inakana, ndipo pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale a kumayadi anagula mbaula. Onani m'mene zinthu zimamangirana: mvula icepa, magetsi azima, makala afunika, mitengo igwa.

Mtengo sungopatsa mthunzi wokha. Mizu yace ndi masamba ace akugwa zimacititsa kuti madzi a mvula alowe pansi m'malo mothamanga pamwamba. Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango ya Boma yochedwa Forest 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira usanakathire mu Chongwe. Mu 1983 nkhalangoyo inacotsedwa m'gulu la nkhalango zosungidwa, ndipo anthu okhala m'mphepete mwa mtsinje, ataona madzi alikucepa, anadandaula kufikira Boma linaibwezera mu 1996. Kuyambira 2017 zigawo zina zinaperekedwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika m'mabwalo a milandu. Phunziro lace ndi ili: nkhalango imatsala pokhapo pali anthu oinenera.

Cifukwa cace ophunzira amabzala mitengo m'masukulu, m'machalichi ndi m'mbali mwa miseu mvula ikakhazikika mu December. Ambiri a iwo anayamba kukonda nchitoyi ali ana, m'magulu a Chongololo, amene bungwe losamala nyama ndi cilengedwe, lobadwa mu 1953, linayambitsa m'masukulu m'zaka za m'ma 1970, ndipo maphunziro ace anamveka pa wailesi yomweyi.

Komatu kubzala si kubvuta. Cobvuta ndi kulera. Mbande ifuna dzenje la mapazi awiri kuya ndi awiri m'lifupi. Dothi lakuda la pamwamba liikidwe padera, lisanganizidwe ndi manyowa, ndipo libwezedwe loyamba. Kathumba ka mbande kang'ambidwe, osakwirira nako. Pa tsinde paikidwe udzu wouma wosakhudza khungwa, kuti cinyontho cisathawe ndi ciswe cisakwere. Pozungulira pamangidwe mpanda wa minga kapena njerwa. Ndipo mtengo usankhidwe molingana ndi malo: mango, gwafa kapena kotapela pa bwalo la nyumba, pakuti mtengo wa zipatso susowa mwini; mbawa kumene kuli malo otakasuka; msangu m'munda, pakuti umagwetsa masamba m'dzinja nudyetsa cimanga. Bulugamu amamwa madzi ambiri, ndipo sayenera kuyandikana ndi citsime kapena dimba. Mayeso eni-eni a mbande amafika mu September ndi October, pamene dzuwa liwamba ndi moto wa lupsa uyenda. Mbande imene palibe woithirira pa miyezi imeneyo yafa kale.

Ku Kenya kunali mai wophunzira kwambiri, Professor Wangari Maathai, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Nairobi, amene mu 1977 anayambitsa gulu la akazi obzala mitengo, nalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004. Nzeru yace inali yakuti akazi a kumidzi analandira kandalama pang'ono, osati pa mbande yobzalidwa, koma pa mbande imene yakhala ndi moyo. Ophunzira athu acita bwino kutengera kawerengedwe kameneka. Tisamve kuti, "Tinabzala mitengo yakuti-yakuti." Timve kuti, "Pa imene tinabzala caka catha, yamoyo ndi iyi."

MLENDO NDI MAME

Tsopano ndinene zimene dima la ophunzira silingathe kucita, pakuti kutama kopanda malire ndi bodza. Akuru anati mlendo ndi mame. Wophunzira akhala mu Lusaka zaka zinai kapena zisanu, ndipo pakati pace pali mayeso ndi machuti. Ngalande imene afukula Loweruka imadzalanso Lacitatu ngati eni malo apitiriza kutayamo. Palibe gulu la ophunzira limene lingamange mipope ya zonyansa ku Kanyama, kapena kugula malole otengera zinyalala; imeneyo ndi nchito ya Khonsolo, ya kampani ya madzi ndi ya Boma, ndipo anthu amene apereka misonkho ali ndi ufulu wa kuifunsa. Kudzipereka kwa ana athu kusakhale cophimba ca akuru amene alandira malipiro.

Ndiponso ophunzira akumbukire kuti sali oyamba m'nchitoyi. Pali amai ndi anyamata osauka amene amatola mabotolo m'miseu ndi pa dzala la ku Chunga tsiku ndi tsiku kuti apeze ya ufa. Iwowa ayenera ulemu, ndipo gulu lanzeru limawapatsa mabotolo amene latola m'malo mowalanda msika. Ndipo wolowa m'ngalande abvale majombo ndi zobvala za m'manja, pakuti muli magalasi osweka ndi zonyansa. Akatsiriza asambe ndi sopo asanagwire cakudya.

Nanga ife omvera ticitenji? Pa dima mwini munda sakhala pa mpando kuonerera. Iye ndiye atsogolera mzere. Mukaona ophunzira afika m'dera lanu, turukani ndi fosholo lanu. Afunseni mafunso, pakuti anaphunzira kuti ayankhe. Asanacoke, mugwirizane kuti mtengo uli wonse ukhale ndi mwini wace wodziwika, kaya ndi banja, kaya ndi kalasi la sukulu, kaya ndi mai wogulitsa pa kantemba wapafupi, amene adzautsanulira madzi otsukira mbale m'cilimwe. Ndipo inu makolo amene muli ndi mwana pa Yunivesite, mukamva kuti anali m'ngalande Loweruka, musamdzudzule kuti wanyazitsa banja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la mzinda uno ndi lolemera.

Mvula iri pafupi. Mawa m'mamawa pitani mukayang'ane ngalande ya pakhomo panu, muone ngati madzi adzapeza njira.